Belu la Amalume Malizani

Lolemba, 5 Ogasiti

Makiyi ndatenga! Ine Zelesi, wa digiri yogona m'sutikesi zaka ziwiri, lero ndili ndi tchalitchi changachanga. Chabwino, chinali tchalitchi. Misa inatha kalekale, anthu a pamgodi atachepa, otsalawo n'kumakapemphera kutauni. Bambo mfumu avomera: tiyi, mabanzi, intaneti. Koma makoma ndi belu osakhudza, akuti ndi mbiri. Mbiriyo yadzaza zitosi za mileme.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Tanatswa, mnzanga wa kuyunivesite amene tikuchita naye bizinesiyi, wavina ndi tsache pamene panali guwa. Kauntala ikhala pomwepo.

Amalume Malizani anangoima pageti, chipewa kumanja. Ndiwo akhala akuliza belu la pano zaka makumi anayi.

"Njerwazi tinkaumba ife tikaweruka kumgodi. Iwe ugulitsiremo mabanzi? Ikona! Sizitheka!"

Akuti sadzapondamo ali moyo. Tsoka lake, amalume akakana ndiye kuti komboni yonse yakana.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Penti m'tsitsi, penti m'makutu. Anthu akulambalala ngati tili ndi mphere.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Mawa tikutsegula! Amalume athawira ku Masembura mwadala. Zawo zimenezo. Ndiliza ndekha belulo, komboni imve.

Loweruka, 10 Ogasiti

Maiwe. Ndikulemba nthiti zikuwawa.

Chibelu chija n'cholemera. Kukoka chingwe mpaka kulendewera, icho n'kulira kamodzi: ngo! Ndipume. Ndikokenso: ngo! Choncho, pang'onopang'ono.

Posakhalitsa khamu! Ndinamukumbatira Tanatswa, ndati taphula. Kenako ndikuona azimayi afunda zitenje, manja kumutu, azibambo anyamula mafosholo. Mai Wadzanai, apampando a bungwe la maliro, anandigwira dzanja akulira, n'kundipepesa m'Chishona: "Nematambudziko, mwanangu. Atisiya nthawi yanji?"

Ndani?

Kani kuliza motalikitsa chonchija ndi kwa maliro. Ndipo belulo salikhudza wina koma amalume. Ndiye likalira iwo palibe, womwalirayo angakhalenso ndani?

Ndafotokoza, ndalumbira, palibe wondimva. Nyimbo yayamba kale. Tanatswa wabisala kuseri kwa kauntala, akuluma thaulo. Wina waimbira foni ku Masembura kukauza achibale, woyankha n'kukhala malemu eniake.

Amalume anafika masana pa kombi, minibasi ya kuno, thukuta kamukamu, n'kulowa mpaka mkati, chipewa chili kumutu.

"Ndani wandipha?"

Mai Wadzanai anakhala pansi ndi kuseka. "Inu a Malizani, ngakhale imfa mwaijomba?"

Mabanzi onse anadyedwa pamaliropo. Sindinalipiritse aliyense. Ungalipiritse anamfedwa?

Anthu sanachoke mpaka dzuwa kupendeka. Aliyense akuloza: apa ndinabatizidwa, apa tinamanga ukwati, khoma ilo linapindika chifukwa womanga anali ataledzera. Ndinayamba kulemba pa foni, mwina tidzazipachika pakhoma.

Amalume anangonyamuka n'kupita kwawo.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Abwera m'mawa ndikusesa. Anayang'ana kauntala nthawi yaitali, kenako chingwe chija.

"Manja ako asadzakhudzenso ichi. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Mumatsegula nthawi yanji?"

"Seveni."

"Hafu sikisi ndikhala ndafika. Belu lachisangalalo limalira mofulumira, mbuli iwe." Anakoka mpando wa pafupi ndi zenera, n'kuvula chipewa. "Tiyi wanga masupuni atatu."