Mawu Amene Ndinaphunzitsa Hamis

Bangwe,
Blantyre.
2 Seputembala 2024.

Okondedwa amake Tadala,

Landirani moni wanga m'dzina la Ambuye. Muli bwanji ku Kepitauni kumeneko? Kuzizira kwachepako? Nanga gogo wachizungu amene mumamusamalira uja akupeza bwanji? Kuno tili bwino. Tadala wagulula dzino lachiwiri lakutsogolo, ndiye akuseka atatseka pakamwa.

Kalatayi ndapatsira a Jabir oyendetsa basi kuti akupatseni pamanja. Pa foni ndalephera kawiri. Ndikangomva mawu anu, lilime limalemera.

Mukudziwa kuti mwamuna wanu Yohane ananditengera ku Zanzibar, chilumba cha m'nyanja ya mchere, akuti mayi ake ndikapumeko. Inu munandiimbira n'kundiuza kuti ndikasangalale. Zithunzi zimene anakutumizirani zili ndi anthu awiri, ine ndi iye. Koma tinali atatu.

Pa 14 Ogasiti, pabwalo la ndege ku Chileka, tinapeza mtsikana wina dzina lake Constance. Yohane anati ndi mnzake wa kuntchito, akupita kumsonkhano komweko. Ndinamukhulupirira. Ku hotela zipinda zinali ziwiri, ndipo ine ndinagona ndekha. Msonkhanowo sindinauone.

Pa 16 Yohane anachita hayala galimoto pamodzi ndi munthu wotionetsa malo, ife tokha tsiku lonse. Dzina lake Hamis, bambo wansangala, waimvi m'ndevu. Ankalankhula Chingerezi, Yohane n'kumandimasulira. Ananena kuti amakonda kutola mawu a alendo ake, mlendo aliyense amusiyireko amodzi. Tisananyamuke analoza Constance, n'kundifunsa ine kuti kwathu ameneyu ndimamutcha ndani.

Yohane anayang'ana pawindo. Ndikanatha kutchula dzina la mtsikanayo basi, kapena kunena kuti ndi mlendo. Koma ndinali nditakwera ndege koyamba m'moyo wanga, ndikudya za mwana wanga, ndipo ndinachita manyazi kumuyalutsa pamaso pa munthu wa dziko lina.

Ndinati, “Mpongozi.”

Palibe anandikakamiza, amake Tadala. Mawuwo anatuluka m'kamwa mwanga momwemu.

Hamis anawakonda mawuwo. Anawabwereza mpaka anawatchula bwino. M'tauni yakale ya nyumba zamiyala, mmene tinjira take n'topanikizana kuposa ta ku Ndirande, ankati akafuna kutionetsa chitseko chosema ankaitana mama ndi mpongozi. Pokwera boti kupita ku kachilumba kena kokhala akamba aakulu ngati beseni lochapira, anauza Constance kuti mpongozi agwire mama dzanja. Boti linkagwedezeka, ndipo dzanjalo ndinapereka.

Masana anatitengera kumunda wa zokometsera chakudya. Tinanunkhiza sinamoni ali pamtengo, tinalawa tsabola ndi jinja. Anyamata a pamundapo analuka zisoti za masamba a kokonati, n'kuveka Yohane ndi Constance, uku akuwaimbira ngati akwati. Ine ndinaomba m'manja.

Sindikunamizani kuti ndinali wachisoni tsiku lonse. Ndinaseka. Nsomba inandikomera. Ndinavula nsapato n'kuponda madzi ofunda, mchenga woyera ngati ufa, ndipo kwa kanthawi ndinakuiwalani. Chimenechi ndicho chikundisowetsa mtendere kuposa zonse.

Potsanzikana, Hamis ananena kuti mabanja ambiri amakangana m'galimoto mwake, koma mayi ndi mkazi wa mwana wake okondana ngati ife sawaona kawirikawiri. Yohane anamasulira motsitsa mawu. Apo m'pamene ndinakumbukira Juni wa 2021, nditathyoka mwendo, inu mukundisambitsa kuchipatala ana anga ondibadwira ali kuntchito.

Tinabwerako pa 19. Yohane anandipempha kuti ndikhale chete, akuti nkhaniyo aithetsa yekha. Ndinadikira. Pa 29 ndinapita kunyumba kwanu ku Machinjiri kukatenga yunifolomu ya Tadala, ndipo ndinapeza Constance akuyanika zovala pachingwe chanu. Anagwada bwinobwino n'kundilonjera kuti apongozi. Ndinavomera moniwo, poti woyambitsa ndine.

Munandiuza kuti pa 30 mwezi uno mukusiya ntchito, mubwere kudzakhala ndi banja lanu osabwereranso. Chonde, Salome mwana wanga, musasiye ntchitoyo musanamve mutu wa nkhaniyi. Ntchito ya kumeneko munaipeza movutikira, ndipo mukaitaya chifukwa cha kukhala chete kwanga, ndidzakhala nditakulakwirani kawiri.

Loweruka lapitali ndinapita ku Chilomoni kwa malume anu a Nikolasi, poti ndiwo ankhoswe anu. Ndinawafotokozera zonse monga ndalembera pano, za mawu anga aja sindinabise. Sanandikalipire. Anangondifunsa ngati panyanjapo panali pokongola, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Agwirizana ndi ankhoswe a kwathu kuti akumane pa 15, ndipo akufuna inu mudzakhale pa foni.

Yohane ndamuuza kuti ndikukulemberani. Anati ndamugulitsa, mayi weniweni sachita zotero. Kuyambira tsikulo sanapondeko kuno. Ndi mwana wanga, ndimamukonda, koma sindimupepesera kwa inu. Apepese yekha. Ine ndikupepesa zanga.

Tadala sakudziwa kanthu. Akhala ndi ine monga munandisiyira, kufikira inu mutanena. Mukaona kuti simungandikhulupirirenso ndi mwana wanu, musaope kundiuza. Ndidzachapa zovala zake, ndidzamuluka tsitsi, ndipo ndidzakamusiya ndekha kwa mayi anu ku Chilomoni.

Mundiperekere moni kwa Sumayyah amene mumakhala naye, mumuuze akhale nanu pafupi masiku ano. Ambuye akusungeni ndi kukulimbitsani mtima kumeneko.

Ndine amake Yohane,
Elube Makwinja.