Mbale Zitatu pa Thandala

Lachiwiri, Januwale. Dzuwa lokhalokha, mvula palibe.

Lero ndi tsiku lachinayi ndikubisa a Namuli kuchipinda. Anthu akuti mayi okalambawa ndiwo akumanga mvula, ndipo akawapeza awapha. M'buku lija ndinagula pamsika, anthu ena ankabisa Ayuda m'zipinda zapansi pa nyumba nthawi ya nkhondo, mpaka zaka. Yangayi ndi ya zipinda ziwiri basi, pansi ndi dothi.

Masana mlamu wanga waima pathandala. "Alamu, mumakhala awiri ndi achemwali, nanga mbale zitatu bwanji?"

"Kawerengeni za kwanu!" ndamukalipira. Kamwa langali! Wachoka osaseka, walunjika kumsika wa Nkhulambe.

Bukulo silikunena kuti mbale ankayanika kuti. A Namuli avala kale nsapato, akhala pamphasa, akungoyang'ana kuchitseko.