Katani Yachisanu ndi Chiwiri

14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikudziwa kuti mukangozindikira kalembedwe kanga pa envulopu, muyamba mwaiika pambali n'kukamwa madzi. Imwani, koma muwerenge mpaka kumapeto. Kuno tili bwino. Amayi bondo lija likuwavutabe m'mawa, koma pakamwa pokha mpamoyo, dzulo anandikalipira kawiri ndisanasambe n'komwe. Kaya inu kumeneko, alamu anga, ndi mwana wanu Kamano?

Patha chaka ndi miyezi iwiri tisakulankhulana. Ine kuzungulira sinditha, ndiye ndingolasa: nkhani ndi ya galimoto ya malemu bambo, yogonamo ija, imene amayi amaitcha "mkazi mnzanga". Sindinaigulitse. A Sipanala, makaniko aja ankacheza ndi bambo, akhala akuilowa kunsi miyezi itatu, ndipo tsopano ikulira. Imayamba yatsokomola ngati nkhalamba yosuta, kenako n'kukhazikika. Bedi lopinda lija lilipo, kabati ilipo, kasinki kaja ndakakwecha mpaka ndikudzioneramo nkhope. Chinatsala ndi makatani, chifukwa akale aja ena anadya makoswe, otsalawo ungowakhudza amangoyoyoka.

Amayi atamva kuti ndikufuna kukagula nsalu, anakoka sutikesi ya kunsi kwa bedi lawo n'kutulutsamo nsalu yachikasu ya mizere yobiriwira, yosakhudzidwapo ndi sizasi. Akuti bambo anaigula chaka chimene anayamba kudwala. Ine amene ndinkawasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala sindinkadziwa. Kenako amayi anati, "Usavutike n'kuyeza, anasiya atalemba. Katsegule kabati."

Zoonadi, kuseri kwa chitseko cha kabati ya m'galimoto kuli zolemba za pensulo, zopendekeka zija. Mukukumbukira kuti bambo sankakhulupirira tepi yoyezera? Ankati tepi anthu amabwereka osabweza, pamene dzanja palibe amabwera kudzabwereka. Ndiye analemba mwa iwo okha: zenera lakuti, zikhatho zinayi ndi zala ziwiri m'lifupi, zikhatho zitatu kutsika. Chikhatho chake n'chija ankatambasula dzanja, kuchokera pa chala chachikulu kufika pa kachala kakumapeto. Anawerengeratu ndi popinda pomwe, ndi makwinya omwe. Ndinakhala pansi m'galimotomo nthawi ndithu, ndikungoyang'ana.

Tsopano mverani uchitsiru wa mlongo wanu. Ine amene ndakhala telala zaka khumi ndi ziwiri, wodziphunzitsa ndekha pa makina a amayi, tepi ili lendelende m'khosi, ndinayala nsalu patebulo n'kuyamba kutambasula dzanja langa. Langa ineyo! Ndinadula makatani asanu ndi imodzi tsiku limodzi, ndikuimba nyimbo. Ndinasoka, ndinasita, n'kukapachika. Achimwene, zenera lililonse linatsala losekerera kunsi, ndipo m'mbali munthu amatha kulowetsa mkono.

A Sipanala anatulutsa mutu kunsi kwa galimoto n'kuti, "Mayi telala, amenewa ndi makatani kapena timasiketi ta ana a mkaka?"

Ndinawagenda ndi choko. Ndinawaphonya, koma cholinga anachiona.

Amayi sanaseke. Anangotenga dzanja langa n'kulisanjika pa lawo, ndipo zinafanana ndendende. "Iwe Tsabola, dzanja ili ndi langa. Bambo ako ankanyamula njerwa zitatu ndi dzanja limodzi. Unkaganiza kuti wayeza ndi la ndani?"

Ndinakwiya tsiku lonse, poti panalibe wina womukwiyira koma ine ndemwe. M'mawa mwake ndinatenga ovolosi yabuluu ya bambo ija inkalendewera kuseri kwa chitseko, ndinaisomola, n'kulumikiza timizere take kunsi ndi m'mbali mwa katani iliyonse. Ulendo uno ndinayeza mazenera ndi tepi ngati munthu wanzeru. Wobwera lero angaganize kuti ndinachitira dala, ndipo ine sindimuuza.

Ntchito imeneyi yandiphunzitsa zimene sindinkazidziwa. Khoma la galimoto si la nyumba, limapendekera m'kati. Ukapachika katani pa waya mmodzi, imalendewera kutali ndi galasi n'kumakukanda m'khutu. Ndiye pamafunika mawaya awiri, wapamwamba ndi wapansi, kuti nsalu igwire zenera. Tinaboola chitsulo timabowo ting'onoting'ono, n'kumanga tingowe, waya n'kumukoka mpaka kumalira ukamudoda. Pa chitseko chotsetsereka chija katani inkapanidwa nthawi zonse, mpaka ndinazindikira kuti waya ayenera kukhala pa chitseko penipenipo, osati pa khoma. Bambo anali atalemba kale zimenezo m'munsi mwa miyezo yawo ija, ine ndi liuma langa sindinawerenge.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Mazenera ofuna makatani alipo asanu ndi limodzi, koma pa chitseko cha kabati pali mizere isanu ndi iwiri. Mzere womaliza alemba kuti: "7. Zikhatho zisanu ndi zinayi, kutsika zitatu. Nsalu yopinda pawiri, kusalowe kuwala." Sanatchule zenera.

Ndinawerenga mazenera kuchokera kumanja, ndinawerenganso kuchokera kumanzere, ngati kuti lina libadwa. Ndinayesa galasi lakutsogolo, koma kumeneko bambo ankatchinga ndi katoni, ndipo ikadalipo kuseri kwa mpando. Ndinakwera padenga kufufuza ngati panali zenera limene anawotcherera. Ndinagogoda makoma onse ndi chogwirira cha sizasi. A Sipanala akuti mwina ankafuna kutchinga pamene pamakhala ndowa, kuti munthu azidzithandiza mwaulemu. Ndinawafunsa kuti munthu wake wamtali zikhatho zitatu ameneyo ndi ndani.

Amayi nditawafunsa anangoti, "Kaya," n'kutembenuka. Inu mukudziwa "kaya" wa amayi amene amatanthauza kuti sakudziwa, ndi "kaya" winayo. Uyu anali winayo. Ndinawasiya masiku awiri, chinthu chimene kwa ine n'chovuta kuposa kusala kudya.

Tsiku lachitatu masana, ndikumanga waya womaliza, ndinangomva galimoto yapendekeka. Amayi akwera okha, bondo lomwelo. Anakweza ndodo yawo n'kugogoda kathandala kaja kali pamwamba pa mipando yakutsogolo, kamene ine ndinkangoponyapo zingwe ndi zigubu.

"Apa pankagona ndani?"

Ndinati, "Achimwene, ali aang'ono."

"Nanga ankagona bwanji?"

Pamenepo ndinakumbuka. Inu simunkagona kukangoyamba kuyera kunja. Bambo ankakupachikirani jekete lawo kuti litchinge, ine n'kumalira kuti amakukonderani.

Amayi anakhala pa bedi lopinda lija n'kuti, "Ankati akachira tinyamuke, tipite kwa mchimwene wako, tikatenge mdzukulu timuyendetse sabata yathunthu. Ankati mwanayo watengera bambo ake, pafunika katani yeniyeni, osati jekete. Analemba zimenezo atatsala ndi miyezi iwiri. Ndinachita kuwagwira mkono pokwera muno."

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati, "Unkamva za munthu iwe nthawi imeneyo?"

Achimwene, ine ndimanyadira kuti ndimanena zinthu mmene zilili. Tsiku lija titaika maliro, inu munati galimotoyi ndi chitsulo chadzimbiri, tigulitse kwa ophwasula. Pamenepo munalakwa, ndipo sindisintha. Koma ine ndinakuyankhani pamaso pa alamu anga ndi anthu onse kuti munawataya bambo akudwala, ndipo anapita atakufufutani mumtima. Mawu amenewo sanali mmene zinthu zinalili. Ndinali nditatopa, ndinkafuna kuti wina amve kuwawa ngati ine, ndipo amene munali pafupi ndinu. Bambo sananenepo zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Munthu amene wakufufuta mumtima sakwera m'galimoto akunjenjemera kukayeza pogona mwana wako. Ndinanama. Mundikhululukire.

Tsopano pempho langa. Nsalu yatsala yokwanira katani imodzi yokha, yopinda pawiri monga analembera. Ndikalakwitsanso palibe ina, ndipo ovolosi yatha. Amayi akuti mwa ana awo, amene anatenga manja a bambo ndinu. Ndiye tengani pepala, mutambasule dzanja lamanja mpaka kumapeto, Kamano alizungulize ndi pensulo, munditumizire. Musalembe manambala, sindikuwafuna.

Ndikudziwa mutu wanu wa masamuwo wayamba kale kunena kuti ndingoyeza zenera limodzi ndi tepi, ndigawe ndi zikhatho zimene bambo analemba, ndipeza kukula kwa dzanja lawo. Kapenanso ndingoyeza kathandalako. A Sipanala anena kale zonsezo, ndipo ndawauza kuti asamale za injini. Tepi ndili nayo, kugawa ndimatha. Ndikufuna dzanja lanu.

Amayi akuti katani imeneyi ikangopachikidwa tinyamuka, a Sipanala ndiwo adzayendetse. Sutikesi alongedza kale, ili pakhomo la chipinda, aliyense akupunthwapo. Koma ine sizasi sindiyandikiza pa nsaluyo mpaka nditamva kwa inu, ndipo galimoto siituluka pageti. Mukakhala chete ndidzamva, sindidzakuvutitsaninso.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti manyazi a tsiku lija ndikadali nawo. Kamano mumuuze kuti azakhali ake aukali aja amukonzera chipinda chapamwamba, anene ngati amaopa kugwa kuti ndiikepo kathabwa. Amayi akuti ndilembe kuti akukupatsani moni, kenako akuti ndifufute, adzapereka okha.

Pepala likakuvutani kupeza, dzanjalo mubwere nalo nokha. Nsalu ndaiyala kale patebulo.

Ndine mlongo wanu,
Tsabola