Nyambo Yovala Tayi

Lolemba, 3 Malichi

Sabata yachitatu chindichotsereni ntchito ku ofesi. Mayi a kunyumba sakudziwabe. Malaya asita, tayi ndamanga, ndatsazika ngati kale.

Ntchito yatsopano: kukhala mu minibasi pa siteji kuti izioneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Anthu akakwera, ine n'kutsika mwakachetechete, kukakhala mu ina. Madalaivala amatitcha nyambo. Tilipo anayi, wa tayi ndine ndekha. Akuti anthu akaona tayi amakhulupirira kuti galimoto inyamuka msanga. Zaka khumi ndi ziwiri za ukalaliki, chondipezera ganyu n'kansalu ka m'khosi.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndakwera minibasi khumi ndi imodzi. Sindinapite kulikonse.

Mu ina mwakwera wogulitsa mankhwala: a mano, a nyamakazi, a banja logwedezeka, botolo limodzi lomwelo. Kenako mayi wina kundipakatitsa tambala, ati, "Mundigwirireko achimwene, ndikagule madzi." Galimoto yadzaza, mwini osaoneka. Ine kutsika ndi tambala wa eni, kuzungulira siteji ngati mbava. Wandisiyira chizindikiro pa thalauza.

Kunyumba ndati ndi inki. Inki yonunkha chonchija! Angondiyang'ana.

Lachinayi, 6 Malichi

Pambali panga lero bambo wa jekete, nyuzi m'manja. Akuti anthu a masiku ano ndi aulesi, n'chifukwa chake dziko silitukuka. Ndavomera ndi mtima wonse, ndathirapo ndemanga zanga. Minibasi itadzaza tatsika tonse awiri. Nyambo yatsopano, yayamba lero. Nyuziyo ndi ya chaka chatha.

Taseka mpaka kugwirana manja. Koma pofika pakhomo kuseka kwatha. Ndiwauza bwanji mayi? Manyazi akundidya.

Lachisanu, 7 Malichi

Tsoka silinunkha. Apongozi anga aakazi, ndi dengu lawo, akwera n'kukhala pambali panga penipeni, njira yotulukira atseka. Ati, "Ndaona tayi, ndati iyi sichedwa."

Dalaivala kunditsinzinira pagalasi kuti nditsike. Nditsike bwanji, ndiwadumphe apongozi? Ndapita nawo mpaka kumathero, ulendo wanga woyamba. Njira yonse mafunso a za kuntchito. Abwana omwe anandichotsa aja ndawayamikira ngati malume anga.

Potsika: "Koma ofesi yanu sitinaisiye kumbuyo, bambo?" Ndati tinasamuka. Angoti, "Ooo." Ooo wautali.

Ndabwerera wapansi. Dalaivala akuti nyambo yothawa ndi nsomba alibe nayo ntchito. Ndapepesa, ndi tayi wanga yemwe.

Lamlungu, 9 Malichi

Ndalimba mtima. Ana atapita kosewera ndati, "Mayi, pali nkhani."

Iwo maso pa malaya amene amasita: "Ya pa siteji? Ndinakuonani Lolemba pazenera la minibasi. Amayi anga aja ndinawatuma ndine, ndimati mwina mutsegula pakamwa."

Ndafunsa, nanga malaya mumandisitiranji masiku onsewa?

"Nanga nyambo ipite yamakwinya?"

Ndaseka. Iwo ayi. Akuti ulova si mlandu, umagwera aliyense. Chawapweteka n'choti madalaivala, wa mankhwala, ngakhale tambala, onse amadziwa za mwamuna wawo, iwo n'kumatsazikidwa ngati mlendo.

Malaya a mawa andiponyera pamiyendo, dzanja lake limodzi losasita. Akuti simbi ikadali yotentha.