Chipinda chimene bambo ankasokeramo

Achimwene,

Salamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Ulongwe tilipo, kungoti mayi bondo likuwavutabe.

Lachiwiri kunabwera anthu a sitolo ina yaikulu ya ku Blantyre. Akufuna kuchita lendi chipinda cha kumsewu chimene malemu bambo ankasokeramo. Ndinaseka n'kuwafunsa kuti, "Sitolo yanu ingakwane muno?" Mkulu wawo anati, "Iyayi mayi, yaikulu sitikuifuna. Munthu sakwera minibasi kukagula sopo mmodzi. Tikufuna timasitolo tating'ono tambiri, pafupi ndi anthu."

Atapita ndinatsala ndekha m'chipindamo. Dzuwa linkalowa pawindo, fumbi likuyandama, ndipo m'maganizo ndinkangoona mapaketi a shuga atandandalikidwa pamene pankapachikidwa mikanjo ya Idi. M'makutu mwangamu makina osokera a bambo ankalirabe, anthu akulowa ndi kutuluka ngati kale.

Mayi akuti mawu omaliza ndi anu. Chonde yankhani msanga, anthuwo abweranso mwezi ukatha. Ine mumtima ndavomera kale, bola benchi ya bambo isachoke pakhonde, kuti tsiku lomwe mudzatsike minibasi mudzapeze pokhala.

Allah akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Asiyatu