Timabokosi Tanu Tinafika kwa Atcheyamani

Okondedwa achimwene,

Monire kuchokera kuno ku Wenya. Tonse tili bwino, ndipo amama chifuwa chija chinatha. Kaya inu ndi alamu ku Ndolako?

Achimwene, masewera anu odzaza mawu m'timabokosi aja, amene munati ndikuuzeni ngati mafunso ake akukoma, anangotsala pang'ono kundimangitsa! Kalata inafika yotsegula kale, pepala la masewerawo mulibe. Lachitatu atcheyamani a chipani anatulukira kusukulu, pepala lili m'manja.

"Aphunzitsi, manambala ochokera ku Zambia awa akutanthauza chiyani?"

Ndinajambula timabokosi pabolodi n'kuyamba kudzaza. Pofika funso lachisanu, iwo anali atandilanda choko! Tinamaliza dzuwa litapendeka, akuseka chikhakhali.

Tsono imvani. Funso loyamba laphweka kwambiri, yankho mulibise pang'ono. Funso lachitatu ndiye lokoma zedi, linatizunguza mitu. Koma lomaliza atcheyamani akuti timabokosi taperewera kamodzi, ndipo akunena zoona, ndawerenga kawiri.

Mulungu akusungeni. Tumizani ena msanga, mayankho muike m'envulopu yomweyo. Atcheyamani akuti musachedwe, poti kalata zanu amayamba kuwerenga ndi iwo.

Ndine mlongo wanu,
Tawonga