Choyendera cha Amayi Achitenga

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndikudziwa kuti mukalandira kalata yanga mumayamba mwaopa kuti amayi agwanso. Mtima m'malo, sanagwe. Agwa bwanji poti sakuimiriranso?

Kafukufuku wa ku yunivesite kwanu uja, amene munawalowetsamo atadwala sitiroko, anawathandizadi. Ndi choyendera chachitsulo chimene anawapatsa chija anayamba kufika okha pakhomo la bafa, akunditaya dzanja kuti, “Choka iwe, ndine khanda ngati?”

Sabata yatha kunabwera galimoto. Dalaivala wake anati kafukufuku watha, zipangizo zibwerere kwa eni ake, ndipo a mafizo, owaphunzitsa kuyenda aja, sabweranso. Amayi anaseka n'kufunsa dalaivala kuti, “Nanga miyendoyi mukuisiyiranji, bambo? Si yanunso imeneyi?”

Mwina mwaiwala mmene zimakhalira, ndiye ndifotokoze. Mwendo wofooka ukasiya kugwiritsidwa ntchito umauma msanga, ndipo mantha amabwerera msanga kuposa pamenepo. Pano amangokhala pampando wapawindo, ndipo kubafa ndimachita kuwanyamula.

Dalaivala anati analamula ndi mkulu wa kafukufukuyo. Amayi sindinawauze kuti mkuluyo ndi inu. Alendo akabwera amawauzabe kuti, “Mwana wanga akadzamva zimenezi, anthu aja adzaona zakuda.”

Sindikukalipa, achimwene, ndikungopempha kanthu kamodzi. Mukamaliza kuwerenga, pindani dzanja lamanja pachifuwa, mwendo wamanja muusiye ngati si wanu, ndiye muyese kudzuka pampando mwakhalapowo. Kenako mundiuze choti ndiwayankhe, chifukwa amafunsa ngati mwamva.

Ndine mlongo wanu,
uja wotsala pakhomo.